Mayi Rabecca Makwinja ndi Chithunzi cha Kudambo

Malemu mayi Rabecca Makwinja, amene agona patsogolo pathupa, anabadwa pa 14 Malichi 1966 konkuno ku Domasi, m'dera la Malemia, m'boma la Zomba. Anali achitatu kubadwa mwa ana asanu a bambo ndi mayi Kalimbuka, omwe onse awiri anatsogola kale. Anabatizidwa ali khanda mumpingo wa CCAP pa Domasi Mission.

Sukulu anayamba mu 1973 pa Mission pomwepo. Mu 1981 anasankhidwa kupita kusekondale ku Zomba, ndipo mu 1985 anakalowa kuyunivesite kumene anaphunzira mbiri yakale. Atamaliza mu 1989 anaphunzitsa kusekondale kwa zaka zisanu ndi zitatu. Pa 15 Ogasiti 1992 anamanga ukwati woyera ndi bambo Malcolm Makwinja, ndipo Mulungu anawapatsa ana awiri.

Mu 1997 anayamba ntchito yoyang'anira zithunzi m'nyumba yosungiramo zinthu zakale ya payunivesite. Kuno kumudzi tinkangoti amajambula. Ayi, malemu sankajambula. Ankasunga zimene ena anajambula kalekale. Zithunzizo anazipeza zili m'makatoni a sopo, zina zitamatana ndi chinyontho, zina chiswe chitadya m'mbali. Anazipukuta chimodzichimodzi atavala magolovesi, chilichonse n'kuchipatsa nambala ndi envulopu yakeyake, n'kulemba m'buku amene anajambula, chaka ndi malo. Ankakonza zionetsero, ankathandiza ofufuza mbiri, komanso ankaphunzitsa ophunzira kagwiridwe ka chithunzi chakale, kuti chala chisakhudze pankhope ya munthu.

Anali ndi lamulo limodzi limene sankalithyola. Chithunzi sichinkakwera pakhoma la chionetsero asanafufuze mayina a anthu ali pamenepo ndi kukauza abale awo. Ndiye chifukwa chake ambiri munkawaona akutsika minibasi ndi chikwama chakuda, n'kukwera kabaza kulowera m'midzi, kukaonetsa achikulire makope a zithunzi. Alipo pano amene anaona nkhope ya agogo awo koyamba m'manja mwa malemu.

Tsopano tafika pa zaka zimene abale ena anapempha kuti zisawerengedwe lero. Ziwerengedwa, chifukwa mbiri yodumpha zaka zimenezi si mbiri ya mayi Makwinja.

Mu 2017 panabuka mkangano pakati pa banja lathu la a Kalimbuka ndi banja la mayi Lukiya Bashiru, anansi athu, wolimbirana munda wa mpunga uli kumunsi kwa thanthwe lalikulu kudambo. Ife tinkati mundawo ndi wa makolo athu. Iwo ankati agogo awo anangobwereketsa mundawo kwa makolo athu m'chaka cha njala. Akuluakulu odziwa chiyambi chake anali atatha, mboni panalibe. Anthu anasiya kupatsana moni panjira, ndipo tsiku lina zikwanje zinatuluka kudamboko, mwamwayi magazi sanakhetsedwe. Mlandu unapita kukhoti.

Mu Ogasiti 2018, malemu akulongosola bokosi la zithunzi zimene mphunzitsi wina wakale anajambula kuno mu 1958, anapezamo chithunzi cha amayi akumweta mpunga. Thanthwe lija analizindikira pomwepo, pajatu anakulira pamenepo akuingitsa mbalame. Kuseri kwa chithunzicho kunali mawu a pensulo akuti: "Abiti Bashiru ndi ana awo m'munda mwawo." Abiti Bashiru anali agogo awo a mayi Lukiya.

Bambo Makwinja akuti sabata imeneyo malemu ankangotola chakudya n'kubweza. Kuntchito kwawo konseko kunalibe wina amene akanadziwa thanthwelo. Akanatha kubwezera chithunzicho pansi pa bokosi, n'kupitanso zaka makumi asanu chisanaonedwe.

Loweruka lake anabwera kuno, n'kuitana abale onse pakhonde la mayi athu. Sanapite kwina kulikonse asanatiuze. Mwinimbumba, amene ndi alongo awo aakulu, anawauza kuti chithunzicho achibise kufikira mlandu utatha. Wina anati mawu a pensulo sachedwa kufufutika. Wina anawakumbutsa kuti chibale ndi fupa, sichiola. Malemu anamvetsera onse ali zyoli, kenako anati: "Achimwene, chithunzichi si changa. Ine ndine mlonda chabe. Ndikafufuta mawu awa lero, ndani adzakhulupirire zina zonse ndalemba m'buku lija? Komanso amene ali pachithunzipa ali ndi adzukulu. Ndikawaonetsa, monga ndichitira ndi banja lililonse."

Mwinimbumba anayankha kuti: "Mukakalowa pakhomo la a Bashiru ndi chinthu chimenecho, pano musadzapondenso."

Malemu ananyamula chikwama chawo, nawoloka msewu ife tikuona.

Pa 6 Malichi 2019 khoti linawaitana ngati mboni. Anafotokoza kumene chithunzicho chinachokera, amene anachijambula, ndi chifukwa chimene ankakhulupirira kuti zolemba zakuseri ndi za wojambulayo. Atafunsidwa ngati chithunzicho chikuonetsa kuti dambo lonse ndi la a Bashiru, anakana. Anati chikuonetsa kumunsi kwa thanthwe kokha, ndipo iwo sangachiyankhulitse zimene sichikunena. Khoti linagamula kuti kumunsi kwa thanthwe kubwerere kwa a Bashiru, kumtunda kukhale kwathu. Tsiku limenelo malemu anatuluka m'khoti okha. Ife tinawadutsa pakhomo ngati sitikuwadziwa, ndipo achinyamata ena a kwa a Bashiru nawonso anawanyogodola kuti awamana theka la dambo.

Kuyambira pamenepo, kwa zaka zisanu ndi chimodzi, banja lino silinawalandire. Mayi athu atamwalira mu Julayi 2021, malemu anabwera. M'nyumba ya siwa sanaloledwe kulowa. Anakhala panja pamodzi ndi alendo, analira mayi awo ali patali, n'kubwerera ku Zomba. Sanakadandaule kwa abusa kapena kwa wina aliyense. Ntchito anapitiriza, ndipo mu 2022 anakonza chionetsero cha alimi a mpunga a m'chigwa chino. Anatitumizira kalata yotiitana. Sitinayankhe.

Mu Okutobala 2024 anayamba kudandaula m'mimba. Madokotala atawayeza anapeza khansa ya m'matumbo, itafalikira kale. Izi tikuzinena mokweza chifukwa manong'onong'o tawamva. Ena akuti analodzedwa ndi abale, ena akuti ndi tsoka la mlandu uja. Makalata a kuchipatala alipo, bambo Makwinja ali nawo. Pasapezeke munthu wochoka pamaliro pano n'kumakaloza chala banja lino kapena banja la a Bashiru.

Ali chidwalire, malemu ankapitabe kuntchito masiku amene thupi lalola, kufikira atamaliza kulemba bokosi lotsiriza ndi kusiya makiyi m'manja mwa mayi Naima Saidi, amene alowa m'malo mwawo. Mu Epulo chaka chino anagonekedwa m'chipatala. Amene anawadikirira pambali pa bedi, kuwasambitsa ndi kuwatembenuza, kusinthana ndi ana awo, anali mayi Lukiya Bashiru ndi mwana wawo mayi Hafsa.

Malemu anatumiza uthenga kawiri kuti akufuna kuonana ndi mwinimbumba. Ulendo woyamba iye anati ali ndi mpunga wofunika kumweta. Ulendo wachiwiri anapita, pa 9 Juni, koma anapeza lilime litalemera kale. Malemu anamuyang'ana, nasuntha dzanja pabulangete. Iye analigwira. Ngati anamva zimene anawauza, Mulungu yekha ndiye akudziwa. Mwinimbumba ameneyo nonse mukumudziwa. Ndine, Chimango Kalimbuka, amene ndaima pano.

Malemu anatisiya Lachiwiri pa 10 Juni 2025, nthawi ya 10 koloko m'mawa, ali ndi zaka 59.

Dzulo panali mawu akuti thupi lawo likaikidwe ku Zomba, poti iwo anadzichotsa okha pamtundu. Sanadzichotse. Ndinawachotsa ndine, ndi pakamwa pangapa, ndipo ndi pakamwa pomwepa ndikubweza mawuwo pamaso pa mafumu, abusa ndi inu nonse. Manda akumbidwa pambali pa mayi awo. Amene ali ndi mawu otsutsa adzandipeze ine mawa, lero alekeni alongo anga adutse.

Malemu asiya amuna awo bambo Malcolm Makwinja, ana awiri, mayi Dina ndi mayi Jessica, adzukulu atatu, alongo awiri ndi mng'ono wawo mmodzi.

Tikuthokoza madokotala ndi anamwino amene anayesetsa, akuntchito kwawo amene atithandiza ndi bokosi ndi galimoto, abusa, amayi a Mvano, adzukulu okumba manda, ndi nonse amene mwasiya mpunga m'minda kudzakhala nafe. Mayi Lukiya, mayi Hafsa, taona kuti mwakhala kutali uko pansi pa mtengo, kuopa kuti tingakubwezeni. Chonde dzukani, amayi akupatseni malo pafupi ndi bokosi. Ntchito imene inali yathu munaigwira ndinu.

Alongo anga, a Rabecca, mwafika kwanu. Mzimu wanu uuse mumtendere wa Ambuye.