Pepala Likuti Vinani

Chifikireni kudziko la eni kudzalera zidzukulu, mapasa olira mosinthana ngati anachita kupangana, amayi anali asanagonepo tulo tofika kumapazi kwa masabata atatu. Tsiku lina madzulo mwana wawo wamkazi anawakankhira panja pamodzi ndi amuna awo, kalaliki wopuma pantchito, atawafumbatitsa matikiti awiri a dansi ndi pepala la malangizo.

Pakhomo la holo amayi anaima, nsapato zikuwaluma.

"Bambo, tafika, taona. Tiyeni tizipita."

"Taona chitseko," anatero abambo, akuvala magalasi. "Pepala likuti: choyamba, lowani."

"Ine ndikuti tibwerere mwakachetechete, ndikazembere m'kachipinda kochapira kaja, ndikagone pamulu wa zovala. Mwanayo sadziwa."

"Chachisanu: musabwere leveni koloko isanakwane. Wadula mzere kunsi kwake. Kawiri."

"Kodi pepalalo linadzukapo usiku kusintha thewera?"

Abambo analitembenuza, naliyang'ana kuseri.

"Za thewera sanalembe."

"Mayo ine! Lowani, bambo, ndisanakudyetseni pepalalo."

M'katimo mtsikana wa patebulo anawapatsa aliyense mahedifoni oyaka kagetsi kobiriwira. Amayi anasuzumira m'holo, nagwira pachifuwa. Anthu oposa zana anali kudumpha, kugwedeza ziuno, ena maso ali chitsinzinire, koma nyimbo kunalibe. Kumangomveka nsapato kukwekwesa pansi ndi anthu kupuma wefuwefu.

"Bambo, mwatilowetsa kuchipatala."

"Tikiti ikuti dansi."

"Dansi yopanda ng'oma? Awa ndi odwala awa. Taonani uyo, akumenyana ndi njuchi."

"Chachiwiri: valani kumutu chimene akupatseni." Abambo anavala. Nkhope yawo inawala ngati alandira penshoni kawiri. "AMAYI! NYIMBO ZILI MUNO! AZIIKA M'KATI!"

Mitu makumi awiri inatembenuka.

"Tsitsani mawu, inu! Mukundivula."

"NDI ZABWINO KWAMBIRI!"

Amayi anawasolola hedifoni khutu limodzi. "Mukukuwa ngati mukuitana basi. Ine ndaona sofa pakona apo. Mukandipeza pamenepo."

"Chachitatu: vinani."

"Vinani inuyo, mundivinireko."

"Walemba kuti nonse awiri. Nayi, m'munsimu, ndi zilembo zazing'ono. Mwanayu amakudziwani."

"Ndavina kale ine. Masabata atatu ndikuvina m'khonde, mwana kuphewa, wina kumsana. Chiuno ichi chamaliza ntchito yake."

"Imeneyo sinali dansi ya tikiti."

Amayi anawayang'ana amuna awo. Zaka makumi atatu ndi zinayi munthuyu sanaphonyepo mzere wa fomu iliyonse, ngakhale ya kuchipatala yofunsa ngati ali ndi pakati. Kukangana naye kunali kutunga madzi ndi dengu. Amayi anaimirira pakati pa anthu, nanyamula phazi lamanja, naliika pansi. Nanyamula lamanzere, naliika pansi.

"Chongani."

"Mwangoponda kawiri."

"Pepala latchula kangati?"

Abambo anawerenga, milomo ikuyenda. Anatulutsa cholembera, nachonga mosakondwa.

"Chachinayi: jambulani chithunzi, amayi akumwetulira, munditumizire."

"Jambulani."

"Mano sakuoneka."

"Ali momwemo. Ndinabwera nawo onse."

"Mwatsinzina."

"Sindinatsinzine, maso agwa okha."

"Tibwereze. Mwana akaona ichi ayesa tili pamaliro. Ndipo simunavale za kumutuzo, chachiwiri sichinachongedwe."

Amayi anazikwatula, nazivala mwaukali. Phokoso linawalasa m'makutu ngati mapasa khumi. Anapapasa pambali, nadina kabatani koyamba kukumana ndi chala chawo. Kagetsi kanazima.

Zii.

Nsapato zija zinaleka kukwekwesa. Wefuwefu uja anatha. Patsogolo pawo pakamwa pa abambo panali kutseguka ndi kutsekeka, chala chikuloza pepala, koma mawu ngakhale amodzi osafika. Amayi anamwetulira, mano onse panja, ndi a kumapeto omwe. Abambo anajambula msangamsanga, nachonga ziwiri nthawi imodzi.

Amayi anapita pasofa paja, navula nsapato, napinda jekete la amuna awo n'kutsamira. Chomaliza kuona chinali abambo ali pakati pa achinyamata, pepala m'dzanja, akuponda pansi ngati akudinda makalata, phazi limodzi limodzi, osaphonya.

Anadzidzimuka wina akuwagwedeza phewa. Anatukula hedifoni khutu limodzi lokha.

"Amayi," ananong'ona abambo, thukuta lili kamukamu, dzanja lili pabondo. "Bondo lija layamba. Anyamatawa anandiika pakati, akuwomba m'manja, ine osadziwa potulukira. Tiyeni tizipita."

"Nthawi ili bwanji?"

"Naini koloko yangopitirira kumene."

"Chachisanu chikuti chiyani?"

"Iyayi, amayi, pepala ndi pepala chabe. Mwanayo polemba sanadziwe za bondo langa."

"Litembenuzeni. Za bondo analemba?"

Abambo sanalitembenuze.

"Ndiye ndikhale nanu pasofapo. Tasunthani pang'ono."

"Pokhala sanalembe." Amayi anatambasula miyendo mpaka kumapeto kwa sofa, nakonza jekete lija, nabwezera hedifoni pakhutu. "Wadula mzere kunsi kwake, bambo. Kawiri. Kavineni."