Tsiku Limene Chitsulo cha Njanji Chinathamanga

Ngoo! Chitsulo cha kutchalitchi chitalira kamodzi, ndinati basi, mwana wanga Tisauke wapita. Ndinayamba kutulutsa mipando panja monga tichitira pamaliro. Ngoo! kachiwiri. Ndinagwira tebulo, misozi chuchuchu. Kenaka ngo-ngo-ngo-ngo, chitsulo chathamanga, chathamanga osapuma! Tebulo ndinalisiya pakhomo, miyendo iwiri mkati, iwiri kunja.

Moni okondedwa mwa Ambuye, moni a ku Ngungu, moni a ku Makululu, makomboni athu a muno m'Kabwe. Ndine ambuya Tembo. Kulemba ndidziwa pang'ono, koma kuyamika ndidziwa kwambiri. Mwana wanga anali pakamwa pa manda, lero ali kuyamwitsa.

Chitsulo chija muchidziwe. Atate anga anachoka ku Petauke wapansi kudzagwira ntchito ya njanji, tauni ino isanatchedwe Kabwe. Iwo ndi anzawo a ku Nyasalande anayamba mpingo wathu wa Chipresibiteriya pansi pa mkuyu. Belu analibe, ndiye anapachika chidutswa cha njanji. Akachimenya kamodzikamodzi, ndi maliro. Akachithamangitsa, ndi mapemphero kapena ukwati. Njerwa za tchalitchi anaumba amayi athu, ife tikutunga madzi. Ufulu utabwera, Abemba ndi Alenje analowa, mabenchi anadzaza, ndipo zija za kuti tiyimbe chinenero cha yani zinatitopetsa zaka ndithu.

Tsono m'zaka zino za mizere, mzere wa sopo, mzere wa mafuta, Tisauke anabereka mwana wamwamuna. Mwana bwinobwino, koma mayi magazi osaleka. Kuchipatala anati magazi kulibe, bweretsani abale. Abale ati? Amuna anga anagona kale, mkamwini anali atapita ndi sitima kum'mwera. Ndinatambasula mkono wanga, anesi anati, “Amama, inu mwakula, sitingatenge.” Ndinayang'ana mwana wanga, milomo yayera ngati phulusa, ndinati Ambuye, mdzukulu uyu ndidzamuyamwitsa chiyani?

Linali Lachinayi, tsiku limene amayi a mpingo timasonkhana. Ndinalowa opanda bulauzi yathu yoyera ya mpingo, ndinagwada, ndinapempha magazi. Poyamba palibe anaimirira. Sindiwanena, anthu amaopa, amati ukapereka magazi umauma. Amene anaimirira ndi bana Mulenga, m'chinenero chathu amake Mulenga, Mbemba wogulitsa nsomba kumsika, amene amayimba mokweza kutiposa tonse. Anamanga chitenje nati, “Mwakhalira chiyani? Yesu anapereka onse, ife atipempha botolo chabe. Tuleya, tiyeni!” Anatuluka, amayi pambuyo, oyera mbee msewu wonse, nyimbo pakamwa, Chinyanja ndi Chibemba pamodzi.

Titafika kuchipatala amayi anatambasula mikono, napereka magazi. Anesi ataona kuti ndatopa anandibweza kunyumba. M'mawa mwake ndiye chitsulo chija. Usiku umenewo bana Mulenga anachezera kuchipatala. Tisauke atatsegula maso n'kupempha phala, iwo anathamangira kutchalitchi kuti mpingo wonse umve. Koma atate Daka, mkulu wathu womenya chitsulo, mkono unakalamba, amanyamula nyundo pang'onopang'ono. Bana Mulenga anawalanda nyundo, “Atate, muika munthu wamoyo!” Anamenya okha mpaka mkuyu unagwetsa masamba.

Ndikuyamika Mulungu, ndikuyamika, ndikuyamikanso. Iwe amene uli m'mavuto, chitsulo chikalira kamodzi usafulumire kutulutsa mipando. Dikira, Ambuye sanamalize kumenya.

Mipando yanga sindinaibweze m'nyumba. Tisauke atatuluka m'chipatala, pamipando ya maliro ija anakhalapo osangalala. Anabwera bana Mulenga, nsomba m'manja. Anabwera atate Daka, akudandaulabe za nyundo yawo. Anabwera abusa ndi amayi busa. Amake Yotamu, amake Esinati, bana Chanda, bana Mutinta, aNyirenda a kunjanji, aMwanza ndi njinga yawo, ngakhale amai Lungu a Chikatolika a ku Mpima, korona m'khosi. Mkamwini wanga Zakeyo anatsika sitima n'kubwera ndi ovololo yamafuta. Ndipo pakati pathu, pachifuwa pa mayi wake, kamnyamata kathu, dzina lake Mulenga Tiyamike.