Bambo Jasten Kamphale, Amene Sindinawaimitse

Malemu amene atisonkhanitsa muno ndi Bambo Jasten Kamphale. Anabadwa pa 9 Malichi 1969 ku Bawi m'boma la Ntcheu, ndipo anali achitatu m'banja la ana asanu ndi awiri. Bambo awo ankakonza njinga m'mbali mwa msewu waukulu, choncho malemu anadziwa kugwira sipanala asanadziwe kugwira pensulo.

Ine amene ndikuwerenga ndine Derrick Chikuse, mnzawo wa kuntchito kwa zaka zisanu ndi zinayi. Mayi Kamphale ndiwo anandisankha, ati palibe amene ankawadziwa amuna awo kuntchito kuposa ine, ndipo anandiuza kuti ndilembe zonse osasiyako kanthu. Pepalali liwerengedwa kawiri, lero muno mu holo ya tchalitchi ku Jebel Ali kuno ku Dubai, ndi Loweruka kumanda ku Bawi. Abusa ndi anamfedwa nonse, mundikhululukire, m'mbiriyi muli mawu amene mayi sanawamvepo. Anandifunsa funso kuchipatala ndipo ndinawanamiza. Yankho loona ndilipereka ndikafika pamenepo.

Malemu anaphunzira pulayimale kwawo ku Bawi, sekondale pa boma pa Ntcheu, kenaka anakachita maphunziro a umakaniko ku Limbe. Anamaliza mu 1992 n'kuyamba ntchito pa galaja ina ku Ginnery Corner mumzinda wa Blantyre. Amene anagwira nawo ntchito nthawi imeneyo amati a Kamphale ankamva matenda a injini galimoto ikadali pageti, mwini wake asanatsike n'komwe kuti afotokoze.

Mu 1996 anamanga banja ndi mayi Florah, a ku Lizulu, amene pa nthawiyo ankaphunzitsa ku Ndirande. Banjali lakhala zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zinayi. Dandaulo limene ine ndinamvapo kwa mayi ndi limodzi lokha, loti amuna awo ankayendetsa galimoto ngati anyamula mazira. Munthu amene kuntchito ankathamanga makilomita mazana atatu pa ola, popita kutchalitchi ankapitidwa ndi mabasi, ndipo banja lonse linkalowa nyimbo yoyamba itatha. Mayi akadandaula, malemu ankayankha kuti liwiro amalipidwa nalo, sangalipereke laulere.

Mu 2002 anapita ku South Africa kukagwira ntchito pa fakitale ya magalimoto, ndipo mu 2009 anabwera kuno ku Dubai. Anayamba ndi kukonza matakisi oyendera petulo ndi batire pamodzi, amene timangowatchula kuti mahayibulidi. Amakaniko ambiri ankawaopa chifukwa cha magetsi ake amphamvu, koma malemu anakhala pansi n'kuwaphunzira ngati mwana wa sukulu, ali ndi zaka makumi anayi. Banja linawatsatira, n'kukhazikika ku Al Muraqqabat, m'nyumba ija ya pansanja yachinayi imene ambiri muno munagonapo masiku anu oyamba m'dziko lino. Inenso ndinagona pa mpando wa pabalaza pawo miyezi iwiri, ndipo ntchito imene ndili nayoyi anandipezera ndi iwo.

Mu 2016 analowa ntchito ya udalaivala pa kampani yathu, imene ntchito yake ndi kuyesa magalimoto atsopano asanayambe kugulitsidwa. Kwa abale a kumudzi amene mudzamva pepalali Loweruka, ndifotokoze pang'ono. Opanga magalimoto a ku Ulaya masiku ano akupanga galimoto zothamanga kwambiri zokhala ndi injini ndi batire. Batire imaipatsa galimoto mphamvu yodzidzimutsa ponyamuka, komanso imachepetsa utsi umene malamulo a kwawo amaletsa. Koma batire imadana ndi kutentha. N'chifukwa chake mu Julaye ndi Ogasiti, aliyense akuthawa dzuwa la kuno, iwo amabweretsa galimoto zawo kuti tikaziwotche m'chipululu, aone ngati zingapirire.

Tsiku lina ndinawafunsa malemu chifukwa chimene kampani yaikulu ingavutikire chonchi ndi galimoto imene apangepo mazana ochepa okha. Anandiyankha kuti telala amadya ndi mayunifomu a sukulu, koma pawindo amapachika diresi la ukwati. Munthu amaona galimoto yothamangayo pa chithunzi, mtima n'kudumpha, kenaka n'kukagula yaing'ono ya banja yokhala ndi chizindikiro chomwecho. Anatinso nzeru zimene ayesa pa galimoto yodulayo, pakatha zaka zisanu mumazipeza mu takisi. Malemu ankanyadira zimenezi. Ankati sakugwirira ntchito anthu olemera okha, akugwiriranso mwana amene adzakwere minibasi yopanda utsi pa Bawi.

Pa za mpingo, malemu anabatizidwa mu CCAP ali wakhanda ndipo sanasunthe. Kuno anali mkulu wa mpingo pakati pathu, ankaimba besi m'kwaya, ndipo maliro akagwa pakati pa a Malawi kapena a ku Zambia, ndi iwo ankathamanga ndi mapepala kuti thupi lipite kwawo. Mapepala awo sabata ino tayenda nawo movutika, chifukwa amene ankadziwa khomo lililonse ndi amene agona apawa.

Tsopano ndafika pa za matenda.

Mu Meyi chaka chino malemu anayamba kutupa mapazi ndi kumva chizungulire. Anandipempha kuti ndiwaperekeze kuchipatala china ku Deira nthawi ya nkhomaliro. Ndinalowa nawo mpaka kwa dokotala, ndipo ndinamva ndi makutu angawa. Dokotala anati magazi akuthamanga kwambiri, impso zayamba kufooka, ndipo anawaletsa ntchito ya padzuwa. Titatuluka, tinakhala pansi m'mbali mwa msewu wa Al Rigga kumwa tiyi, ndipo malemu anandipempha kuti ndisauze munthu, kaya kuntchito kaya kunyumba. Anati akuntchito akadziwa awachotsa pa chiwongolero, ndipo kuno ntchito ikatha, chilolezo chokhalira m'dziko chimathera pomwepo. Anati mwana wawo Mtisunge akukwatiwa mu Okutobala, mayi ake asalowe m'zokonzekera ali ndi nkhawa. Analonjeza kuti chilimwe chino chikangotha, adzanena okha. Ine ndinavomera. Ndinkadziuza kuti ndikulemekeza munthu wamkulu, koma zoona zake n'zakuti ndinkafunanso kuti ntchito ya chilimwe chino ndiigwire ndi iwo, chifukwa panalibe woyendetsa wina wofanana nawo.

Galimoto imene inabwera mu Julaye inali yokutidwa ndi mizeremizere yakuda ndi yoyera kuti ojambula asaone maonekedwe ake, ndipo malemu anaitcha Mbidzi. Zinalipo zitatu zokha pa dziko lonse. Tinkaisamala kuposa mwana wakhanda. Inali ndi tenti yakeyake, mafani akeake, ndi timawaya toposa mazana awiri toyeza kutentha kwa kachiwalo kalikonse. Manambala onsewo ankafika pa kompyuta yanga. Inalinso ndi khalidwe limodzi loti batire ikatentha kwambiri, galimotoyo inkalanda mpweya wozizira wa woyendetsa n'kuupereka kwa batire. Woyendetsa ankatsala m'ng'anjo, atavala ovolosi yosagwira moto ndi chipewa cholimba. Pa timawaya tonse tija, panalibe ndi kamodzi komwe koyeza munthu.

Akuluakulu amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, koma pa ntchito yathu sizili choncho. Woyendetsa sadziimitsa yekha, chifukwa munthu akatenthedwa mutu umamunamiza kuti ali bwino. Amene amaimitsa ndi wa pa kompyuta, amene wakhala pamthunzi ndi botolo la madzi. Akangonena pa wailesi kuti khalas, liwu la Chiarabu lotanthauza kuti basi zatha, galimoto imabwerera, ndipo palibe bwana amene angatsutse. Lamulo limeneli anandiphunzitsa ndi malemu omwewa sabata yanga yoyamba. Anandiuza kuti maso anga azikhala pa manambala koma khutu langa lizikhala pa munthu.

Lachiwiri pa 12 Ogasiti linali tsiku lomaliza la mayeso. Kunja kunatentha madigiri 47. Alendo atatu ochokera ku fakitale anaima kumbuyo kwanga, ndipo ndege yawo inali ya madzulo omwewo. Monga mukudziwa, nyengo ino lamulo limaletsa ntchito ya padzuwa kuyambira hafu pasiti thwelofu. Nthawi inali itangopitirira thwelofu, ndipo panatsala ulendo umodzi wa mphindi khumi ndi zisanu. Pamenepo malemu analankhula pa wailesi. Analankhula m'Chichewa kuti alendo asamve.

"Derrick, kodi a Kalaba ali pafupi?"

A Kalaba, m'bale wathu wa ku Chipata amene wakhala apoyo, ndiwo anali woyendetsa wachiwiri, ndipo anali atavala kale, akudikira. Pa zaka zisanu ndi zinayi malemu anali asanafunsepo za woyendetsa wachiwiri. Ndinadziwa chimene ankapempha. Ndinali munthu yekhayo m'chipululu monse muja amene ankadziwa za impso zija. Koma kusintha woyendetsa kukanatenga mphindi makumi awiri, batire ikanazizira, mayeso a tsiku lonse akanawonongeka, ndipo alendo akanakwera ndege opanda chimene anadzera. Ndinayang'ana wotchi, ndinayang'ana alendo, ndipo ndinayankha.

"Watsala umodzi wokha, achimwene. Yalla, tiyeni timalize."

Anati chabwino.

Anauyenda ulendowo mosaphonya ngakhale pang'ono. Anabwera nayo Mbidzi pang'onopang'ono, anailowetsa mu tenti yake, anaiimika pa mzere weniweni, n'kuzimitsa zonse mwa dongosolo lake. Alendo anawomba m'manja. Tinadikira kuti chitseko chitseguke koma sichinatseguke. A Kalaba ndiwo anathamanga kukawatulutsa, ndipo ovolosi yawo inali youma, thukuta litasiya kutuluka.

Anagona m'chipatala masiku asanu ndi anayi. Madokotala anayesetsa, anawaika pa makina osefa magazi, koma impso zinali zitaima. Tsiku lachitatu anatsitsimuka pang'ono, ndipo atandiona, chinthu choyamba chimene anafunsa chinali ngati manambala a batire anatuluka bwino. Ndinati anatuluka bwino. Anamwetulira. Sanandidzudzule, ngakhale ndi maso, ndipo zimenezo zikundipweteka kuposa akanandikalipira.

Tsiku lomwelo dokotala anauza mayi Kamphale kuti matendawa sanayambe dzulo. Mayi anandipeza pakhonde la chipatala, anandigwira dzanja, n'kundifunsa kuti, "Derrick, inu mumakhala nawo tsiku lonse. Simunaonepo kanthu?" Ndinayankha kuti sindinaonepo kanthu. Mayi anayamba kudziimba mlandu okha, ati mkazi wanji wogona nyumba imodzi ndi munthu osaona kuti akudwala. Akhala akunena mawu amenewa sabata yonseyi, ine ndili pomwepo, ndikutumikira alendo tiyi.

Malemu anatisiya Lachinayi pa 21 Ogasiti 2025, nthawi ya m'mawa, ali ndi zaka 56. A ku fakitale anatumiza nkhata ya maluwa iyo ili kumiyendoyo, ndi kalata yoyamikira kuti ntchito ya a Kamphale yathandiza kwambiri. Galimotoyo ituluka chaka chamawa. Mudzaiona pa zikwangwani za mumsewu wa Sheikh Zayed, ndipo anthu adzaima kuijambula. Dzulo ndinapita kwa akuluakulu a kampani yathu ndipo ndinawafotokozera zonse zimene mwamvazi. Chimene achite nane ndichilandira.

Mayi Kamphale, mlandu suwola, ndipo ine sindikufuna kuti muusenze ndinu popita ku Bawi. Simunalephere kuona. Tinakubisirani, anthu awiri, ndipo mmodzi wa ife anali ndi mphamvu yoimitsa galimoto ija ndi liwu limodzi. Yankho la funso lanu ndi ili: ndinaona, ndinkadziwa kuyambira Meyi, ndipo atandipempha kuti atsike ndinawauza kuti amalize. Sindikupempha kuti mundikhululukire lero. Mukalola, ndidzaima pamanda Loweruka n'kuwerenganso mawu omwewa pamaso pa abale awo. Mukakana kuti ndikwere nawo ndege, a Kalaba adzawerenga m'malo mwanga, ndipo asadzadumphe mzere ndi umodzi womwe.

Malemu asiya mkazi wawo, mayi Florah Kamphale. Asiya ana atatu: Alexander, amene ali ku Lilongwe, Mtisunge, amene ukwati wake unali wa pa 18 Okutobala, ndi Lulu, amene ali chaka chomaliza ku sekondale. Asiya mdzukulu mmodzi, alongo awo atatu, mng'ono wawo mmodzi, ndi mayi awo owabereka, a zaka 84, amene akudikira bokosi ku Bawi.

Achimwene a Jasten, liwu limene munandiphunzitsa ndinalisunga m'kamwa tsiku limene munalifuna. Ndikulinena lero mochedwa. Khalas, tsikani, ntchito yatha.

Mzimu wa Bambo Jasten Kamphale uuse, ndipo apumule mu mtendere.