Agogo a Kalekeni ndi Mitengo Yawo ya Kuseri kwa Nyumba

Zikomo anamalira nonse. Kuyambira Lachiwiri pali manong'onong'o, kuchitsime ngakhale pasiwa pompano. Akuti mitengo isanu yaifupiifupi ili kuseri kwa nyumbayi ndi yokhwimira, ndipo akuti tikangoika maliro izulidwe, iwotchedwe. Ndiyetu imvani kaye mbiri.

Malemu agogo athu a Kalekeni Mbewe anabadwa pa 9 Junyu 1949, konkuno ku Mualadzi. Anaphunzira kumishoni, nalekezera kalasi yachitatu. Mu 1968 anayamba ntchito m'dimba la a padiri, ndipo mu 1972 anakwatira agogo a Quitéria, amene anatsogola mu 2015.

Padiri wina wa ku Portugal ndiye anabweretsa mitengoyi. Dzina lake ndi groselya, imabereka tizipatso tofiira ngati mikanda, towawasa. Pobwerera kwawo mu 1975 anawasiyira agogo nthambi zobzala.

Mu 1986, pothawa nkhondo kupita ku Zambia, anzawo atasenza mapoto ndi mabulangete, iwo anasenza nthambi za mitengoyi m'saka lonyowa. Akuti agogo aakazi anatha sabata yathunthu osawalankhula! Pobwerako mu 1994 anasenzanso zina za mitengo imene anabzala kumeneko.

Mtengowu sufuna dzuwa lathuli, n'chifukwa chake anaubisa pamthunzi wa mango. Ankathirira m'mamawa, kuthira manyowa a mbuzi, kuphimbira udzu, ndipo mu Julayi ankadulira nthambi zokalamba. Ife ana ankatithamangitsa, inde, koma chifukwa mizu yake ili pamwamba, ukaponda imafa. Zaka zonsezi inangobereka kanayi, zaka zozizira kwambiri. Komaliza mu 2021 anagawira mudzi wonse pambale. Achemwali awo a Aurora analawa n'kulavula. Ena amene mukunong'onanu munabwereza, sinditchula mayina.

Agogo anayamba kudwala chifuwa mu Agosito chaka chino. Anagona kuchipatala masabata awiri, ndipo aliyense wowazonda ankamufunsa ngati kuseri kwathiriridwa. Anatisiya Lachiwiri pa 14 Otubulo 2025, ali ndi zaka 76.

Asiya ana anayi, zidzukulu khumi ndi zisanu ndi ziwiri, ndi achemwali awo aja. Banja likuthokoza a katekista Paulino, amayi a mpingo, ndi adzukulu amene akonza manda. Mzimu wa agogo uuse mumtendere.

Lero ndi tsiku lachitatu mitengoyo isanaone madzi, chifukwa aliyense akuopa kuyandikira. Masamba ayamba kufota. Khasu lili pakhonde, ndowa ili pomwepo. Inu akuluakulu, tikabwerako kumanda, tinyamule chiti?