Anamaliza Sukulu Pamaso pa Aganyu

Malemu Dokotala Falesi Gerevazio, mlongo wathu, anabadwa pa 9 Ogasiti 1968 konkuno kwa Kaphuka. Pulayimale anaphunzira ku Kasina, ndipo mu 1988 anasankhidwa kupita ku yunivesite ku Zomba. Mu 1994 anamanga banja ndi bambo Ezara, mphunzitsi, amene akhala apawa.

Mu 2003 anayamba kafukufuku wa mmene aganyu okumba mbatata ya kachewere amakhalira ndi mabwana awo. Ife abale tinkaseka. Sukulu yonse ija n'kubwerera kudzafunsa anthu za khasu! Chaka choyamba anaphonyadi, chifukwa ankafika m'minda atakwera galimoto ya mwini munda. Aganyu poona zimenezo ankangoyankha kuti zonse zili bwino, bwana ndi munthu wa Mulungu. Mapepala anadzaza katoni, koma choona munalibe. Malemu anawotcha onse, nagula khasu, n'kuyamba kupita wapansi. Kukumba sankatha, mbatata zambiri ankazitema, koma anthu powaseka ndi pamene anayamba kuwamasukira.

Anapeza kuti waganyu amabwerera kwa bwana amene amamuitana ndi dzina lake, amenenso samulanda malo akapita ku maliro. Ntchitoyi inawapatsa digiri ya udokotala mu 2011, ndipo anaphunzitsa ku yunivesite zaka khumi ndi ziwiri. Komabe chinthu chimodzi chinkawasowetsa mtendere. Analonjeza aganyu aja kuti adzabwera kudzawawerengera m'Chichewa zonse zimene analemba, kuti eni mawu avomereze okha. Chaka ndi chaka ankati chaka chamawa.

Mu Januwale 2024 anawapeza ndi khansa. Madokotala anati apumule, iwo n'kuitanitsa cholembera. Buku lonse la kafukufuku uja analimasulira m'Chichewa ali chigonere, ndipo kunena zoona, tinkaopa kuti safika nalo kumapeto.

Pa 14 Juni chaka chino tinawanyamula pa mpando kupita nawo pabwalo la sukulu, pamene aganyu anadzaza mpaka pamsewu. Ali mkati mowerenga, mayi Jesinta, amene ankakumba nawo mzere umodzi, anawadula mawu n'kuwauza poyera kuti gawo la amayi oyamwitsa likumveka ngati analemba ndi mwamuna. Malemu anaseka mpaka kutsokomola, nati wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo anakonza pomwepo, a Jesinta akuwauza zolemba. Pobwerera anatiuza kuti tsopano ndiye amaliza sukulu. Anatisiya pa 2 Julayi mtima uli m'malo, ndipo ngakhale tikulira, ifenso takhutira.

Asiya amuna awo, ana awiri, Tisunge ndi Takondwa, ndi mdzukulu mmodzi. Tikuthokoza mafumu, a mpingo, anamwino, adzukulu okumba manda, anzawo a ku yunivesite, ndi inu mayi Jesinta, amene munawadzudzula akadali ndi makutu omvera.

Pitani bwino achemwali, lonjezo lanu munalisunga. Mzimu wanu uuse mumtendere.