Lole ya maliro ndi imene inanyamula mwamuna wanga

Abale ndi alongo mwa Ambuye, ndikupatsani moni kuchokera kuno ku Nangongwe. Funso limene ndikufuna kuyankha ndi limene ambiri mwakhala mukundifunsa kutchalitchi: kodi bambo a Tamanda, mwamuna wanga, anapulumuka bwanji atathyoka khosi pakati pa minda, kutali ndi msewu wa phula? Ndine mphunzitsi, ndipo ndinazolowera kufotokoza zinthu mwadongosolo. Koma pa nkhani iyi zambiri ndinachita kuuzidwa, ngakhale kuti ndinalipo.

Tinapita ku Shimabala kukaika maliro a mkulu wina wa mpingo wathu, amene anaikidwa pa famu ya makolo ake. Inali nyengo yotentha, ndipo kanjira kochokera kumanda kanali fumbi lokhalokha. Pobwerera tinali anayi m'galimoto: mwamuna wanga akuyendetsa, ine pambali pake, ndi amayi awiri a kwaya kumbuyo. Galimoto zotsogola zinautsa fumbi moti sitinkaona chilichonse. Pamphambano ina, galimoto yonyamula kabichi inatulukira kumanja n'kutiomba.

Chimene chinachititsa ngoziyo sindikuchidziwabe. Woyendetsa winayo amati analiza hutala, amayi a kumbuyo amati sanamve kanthu, ndipo mwamuna wanga amangokumbukira fumbi. Ndayesa kuyerekeza mawu a onsewa, koma sakugwirizana.

Nditatsitsimuka ndinali pansi, magazi akutuluka pachipumi. Amayi ovala zitenje za maliro anali atandizungulira, ena akulira. Maganizo anga anandiuza kuti maliro amene tasonkhanira ndi a mwamuna wanga. Akuti ndinafunsa mobwerezabwereza kuti, “Mwawaika kale osandiuza?” Amandiyankha kuti ali moyo, koma pakapita kanthawi ndinkafunsanso. Pemphero lokha limene ndikulikumbukira ndi lakuti, “Ambuye, ndiuzeni kumene ndili.”

Nthawi imeneyo azibambo ena a pamaliropo anali atamutulutsa mwamuna wanga m'galimoto. Ankalankhula, koma ankati manja achita dzanzi. Ena anafuna kumukhazika m'galimoto yaing'ono n'kuthamangira naye ku Kafue. Galimoto yokhayo imene munthu akanagonamo chowongoka inali lole imene inabweretsa bokosi la maliro, ndipo mkangano unabuka pamenepo. Akuluakulu ena anati sibwino kugoneka wamoyo pamene pangochoka mtembo.

Amene anathetsa nkhaniyo ndi munthu amene palibe ankayembekeza kuti angalankhule tsiku limenelo: Amayi Mwale, mkazi wa malemuyo. Anali atakhala pa matiresi mu lole momwemo, atafunda kumutu. Akuti anatsika okha, nati kwa mkulu amene ankakana kwambiri:

“Ba Zulu, motoka ilibe mlandu. Wanga ndamusiya uko, simungamubweze. Uyu akali kupuma. Mugonekeni apa, ndipo wina agwire mutu usagwedezeke.”

Mayiwa anali atasamalira amuna awo kwa nthawi yaitali m'chipatala, ndipo anaona mmene odwala msana amanyamulidwira. Azibambo aja anachotsa thabwa la benchi ina, namugoneka mwamuna wanga pamenepo. Amayi Mwale eni ake anagwira mutu wake ndi manja awiri mpaka kuchipatala cha ku Kafue.

Kuchokera ku Kafue anatitumiza ku Lusaka. Dokotala anatiuza kuti fupa la m'khosi linathyoka, ndipo akanamukhazika tsonga pa mabampu a kanjira kaja, mwina sakanayendanso. Ndaganizira zimenezi kwambiri. Maliro ndi amene anatipititsa m'fumbi lija, ndipo maliro omwewo ndi amene anaika lole ndi mayi uja pafupi nafe. Sindikudziwa mmene ndingaziikire m'dongosolo, ndipo ndasiya kuyesa. Ndikungodziwa kuti Mulungu anayankha pemphero losokonezeka kudzera mwa munthu amene iye mwini ankafunika kutonthozedwa.

Ndikuthokoza Ambuye, Amayi Mwale, ndi nonse amene munatiyendera. Inu amene muli m'mayesero amene simukuwamvetsa, musaleke kupemphera poyembekeza kuti muyambe mwamvetsa.

Pomaliza zinthu zinaima motere. Mwa anthu anayi a m'galimoto mwathu, mmodzi sanavulale, mmodzi anathyoka mkono, ine anandisoka pachipumi, ndipo mwamuna wanga akuyenda yekha, ngakhale zala ziwiri za kumanzere sizikumvabe kanthu. Womwalira panalibe.