Tebulo la a Tcheya Lakana Kulowa

A Gregorio, tcheyamani wa komiti yodzala mitengo ya m'mudzi mwawo, analowa m'shopu yotayipa ya mayi Annette pa Chonde thukuta lili kamukamu, fulashi ili m'manja. Abwana a bungwe lothandiza komitiyo ankadutsa 12 koloko kudzatenga lipoti, ndipo likapanda kuoneka, njinga zomwe analonjeza zikanapita ku komiti ina.

"Nkhani ndi yaing'ono," anatero a Gregorio akukhala pampando asanauzidwe. "Mu Excel umo muli tebulo lomwe walemba mlembi wathu Kingstone, losonyeza amene amabwera kudzagwira ntchito ku nazale. Mulilowetse m'lipoti la mu Word. Basi."

Mayi Annette anadinadina. Tebulo linalowa, koma osati lonse. Linali ndi mizere yotsika khumi ndi inayi, membala aliyense mzere wake, dzina pamwamba. Itatu yakumapeto inasefukira kunja.

"Anthu anga ena ali kuti?"

"Agwera kunja."

"Kunja kuti?" A Gregorio anasuzumira kuseri kwa kompyuta.

"Kunja kwa pepala, a tcheya. Tebulo lanu ndi lotambalala, pepala ndi lopapatiza. Tingoligoneka cham'mbali pepalali, onse akwana."

"Kuligoneka? Lipoti la komiti yanga likagone pamaso pa abwana ngati chidakwa cha pamsika? Masamba onse aimirira, ilo lokha ligone? Likudwala?"

"Silikudwala. Ndi pepala."

A Gregorio anatsonya. Anali atamva kuti mayiyu ndi katswiri, koma apa anaona kuti anthu a pa Chonde amangotama chilichonse chokhala ndi magetsi.

"Mayi inu, kusukulu ya kompyuta munapita nokha kapena munatuma munthu?"

"Ndinapita ndekha. Ku Limbe. Miyezi isanu ndi umodzi."

"Mayo ine! Ndiye apanikizeni. Simunaonepo kondakitala akulonga anthu mu minibasi?"

"Anayi anayi?"

"Mmene mungathere!"

Mayi Annette anapanikiza mizere ija. Onse analowadi, koma mayina anathyokathyoka. Dzina la Kingstone linatsika chilembo chimodzichimodzi ngati makwerero.

"Mwamutani Kingstone?"

"Wakhala mopindika. Mu minibasi amakhalanso choncho."

"Muwongoleni mwana wa eni ake! Chepetsani zilembo, osati kuthyola anthu."

Anachepetsa. Anachepetsanso. A Gregorio anasendeza nkhope mpaka mphuno inatsala pang'ono kugunda galasi la kompyuta.

"Ndi nyerere zimenezi? Abwana aja amavala magalasi okhuthala ngati pansi pa botolo. Aziwerenga ndi chiyani?"

"Munati ndichepetse. Simunanene poimira."

"Mutu mulibe kodi woti muziganiza nokha?"

"Ndili nawo. Ndi umene unanena zogoneka pepala."

"Zimenezo ndakana kale!"

"Chabwino. Tiligawe pawiri. Asanu ndi awiri tsamba ili, asanu ndi awiri tsamba linalo."

A Gregorio anaimirira, mpando nkugwa chagada.

"Kugawa komiti yanga? Zaka zisanu ndakhala ndikuyanjanitsa anthu amenewa, inu mudzawagawe m'mawa umodzi wa Lachiwiri?"

"Lero ndi Lachitatu."

A Gregorio anayang'ana foni. Kunatsala mphindi makumi awiri. Anali atauza kale mudzi wonse kuti njinga zikubwera chifukwa cha nzeru zawo, ndipo anaona m'maganizo momwe azimayi a pamjigo angasekere akabwerera chimanjamanja. Anadzutsa mpando, nkulankhula pang'onopang'ono ngati akuphunzitsa mwana wa sitandade wani.

"Mvetserani bwino, mayi. Bwezerani tebulo mmene linalili. Mukatero, chotsani zonse zopanda ntchito. Chilichonse chongodya malo, chichoke."

"Chilichonse?"

"Ndalankhula Chipwitikizi kapena?"

"Ayi, Chichewa."

"Ndiye chitani!"

Mayi Annette anayang'anitsitsa tebulo lija kuyambira pamwamba mpaka pansi, nkudina katatu. Tebulo linakhala bwinobwino pakati pa pepala, pepala lili chiimire, zilembo zikuluzikulu zoti ngakhale nkhalamba iwerenge. Makina osindikizira analira, tsamba nkutuluka lofunda.

"Mwaona?" A Gregorio analikweza m'mwamba akumwetulira koyamba tsiku limenelo. "Miyezi isanu ndi umodzi ku Limbe, koma nzeru mwazitola lero kwa munthu wa kumudzi. Kompyuta imafuna utsogoleri, mayi."

Anayamba kuyendetsa chala pa mayina aja monyadira. Kingstone. Cecilia. Yakobo. Anesi. Chala chinafika kumapeto. Chinabwerera, nkuyambiranso.

"Ine ndili pati?"

"Mwachoka."

"Ndachoka? Ndapita kuti?"

"Amene wabwera ku nazale amachongedwa mu mzere wake. Wanu unali mbee kuyambira Januwale mpaka Juni, osachongedwa ngakhale kamodzi. Wa mayi Katarina chimodzimodzi. Wa a Simon chimodzimodzi."

"Amenewo ndi akazi anga ndi mlamu wanga!"

"Zimenezo sizinalembedwe. Munati chongodya malo chichoke. Ndafufuza tebulo lonse, ongodya malo ndapeza atatu."

"Ndine tcheyamani ine! Komiti yopanda mutu munaiona kuti? Ndibwezeni pompano!"

Panja panaima galimoto yoyera, hutala nkulira kawiri. Mayi Annette anaika chala pa batani, nkutembenuka modekha.

"Kukubwezani nkosavuta, a tcheya. Koma mzere wanu ubwera mmene unalili, woyera mbee pakati pa ya anzanu yodzaza. Abwana akangotsegula, maso ayambira pomwepo. Ndidine?"

A Gregorio anayang'ana galimoto. Anayang'ana chala chija. Kenaka anapinda tsamba lawo mwaulemu, nkulilowetsa mu envulopu.

"Musadine, chemwali," ananong'ona. "Mtsogoleri weniweni sakonda kuonekera."